Dzina Lathu Lapenya Dothi

Achimwene anga a Enoch Holroyd anali omanga mipanda ya miyala, ija yosafuna simenti, yotchinga nkhosa m'mapiri a kwathu kuno ku Yorkshire. Sanakwatire, ndipo m'mudzi muno mwamuna wotsiriza wa dzina lathu anali iwowo. Ine ndinalitaya tsiku la ukwati wanga, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikufuna.

Dzinali si lachifumu ayi. A Enoch akakhala ndi tiyi wawo wakuda bii ankalimasulira: kalekale munthu wina analambula thengo m'chigwa, nazula zitsa, nalima. Anthu anayamba kumutchula kuti uja wa pamunda wa m'chigwa, m'chilankhulo cha makolo ndiye Holroyd. Mundawo unapita, lero amaimikapo magalimoto. Chimene chinatsala ndi mwala wa pamanda a kholo lathu Jonas Holroyd, woomba nsalu, mwala wakale kuposa yonse pabwalo la tchalitchi.

Ndiye kunabwera a Fenwick ochokera m'tauni. Asanadziwe n'komwe njira ya kusitolo, anali kale wapampando wa komiti ya tchalitchi. Akuti miyala yakale yapendekeka, igwera ana, ndiponso ikusokoneza wotchetcha kapinga. Anaizula naigoneka pansi kuti ikhale njira. Wathu, poti unali waukulu, anauika pakhomo penipeni pa tchalitchi, zilembo zili m'mwamba. Ndikakumbuka ndimapsa mtima mpaka lero. M'mudzi munali mmisiri wa miyala woti akanauwongola mwalawo tiyi asanazizire, koma osamufunsa.

“Bambo Fenwick, agogo anga mwawasandutsa chopukutira nsapato?” anafunsa a Enoch.

“Aa, a Holroyd, musatero. Tawalemekezatu! Aliyense wolowa aziwerenga dzina lanu.”

“Aziwerenga ndi zidendene? Kwanu kutauniko maso amamera kumapazi eti?”

A Fenwick anaseka ngati amva nthabwala, nati nkhaniyi ikambidwa pamsonkhano wotsatira. Misonkhano inatsatana, mabisiketi anatha, mwala uli pomwepo.

Nsapato za kuno zimabwera ndi matope ndi timiyala, ndipo nthawi ya chisanu amawaza mchere pakhomo kuti anthu asaterereke. Mwala wathu ndi wofewa. A Enoch, nkhalamba ya mawondo otha, ankaudumpha Lamlungu lililonse anthu akuwaseka, ndipo potuluka ankagwada n'kupapasa zilembo ndi chala. Dzina la Jonas linayamba kufufutika. Kenako mapazi anafika pa Holroyd.

Tsiku lina masana anatulukira kwanga ndi chitsulo chotukulira miyala.

“Maud, vala jasi, ukandigwirire.”

“Achimwene, mukufuna akumangeni?”

“Andimange. Chisanu chikabweranso pakhala palibe choti ndimangidwire.”

Tinapita. Anaukumba m'mbali, nautukula, nayala mchenga wosalala pansi. Anauyang'ana nthawi yaitali, nachotsa dothi m'zilembo ndi chikhadabo, kenako anautembenuza n'kuugoneka chafufumimba mosamala ngati khanda.

A Fenwick anatipeza tikusesa. Anapondapo, nakhutiza nsapato uku ndi uku.

“Koma mwaganiza bwino, a Holroyd! Mbali iyi ndi yokhakhala, anthu sadzatererekanso. Tikuthokozani pa zolengeza.”

Ndinafuna kuwalavulira kumaso, koma a Enoch anandikoka jasi.

Anamwalira chaka chatha. Manda a patchalitchi anatsekedwa, akuti adzaza, ndiye mtembo tinawotcha, ndipo komiti inakana ngakhale kamwala kakang'ono kolembapo dzina. Phulusa ndinakalimwaza m'mbali mwa mpanda wawo wa kuphiri. A Fenwick anasamuka kale, akukonza mudzi wina.

Lamlungu ndimaima pambali kuonerera anthu akupukuta nsapato pamwala wopanda kanthu. Amandipatsa moni ndi dzina la malemu amuna anga. Lathu lili pansi pa mapazi awo, lapenya dothi, ndipo wodziwa zimenezi ndatsala ndine ndekha.