Khoma Loyera Theka

Mdzukulu wanga akamapaka laimu m'nyumba, ine ndimatuluka. Fungo limenelo limandibweza ku Misuku, tsiku lotsegulira sukulu, nkhungu itakuta minda ya khofi.

Makolo ankalambula bwalo, ife tikuzira m'kalasi. Aphunzitsi athu atsopano, a Kayange, ankapaka khoma atakwera pabenchi, akuimba mluzu. Burashi itawapulumuka, laimu anadonthera pachithunzi cha mtsogoleri wa dziko, padiso penipeni.

Ife tinaseka. Akuluakulu sanaseke.

A Kayange anapukuta ndi malaya awo, koma chithunzicho chinalibe galasi, kuyerako kunangofalikira. Pazenera panali pataima tcheyamani wa chipani.

"Ndi ngozi chabe, adada," anatero aphunzitsi.

"Yewo, aphunzitsi. Pitirizani ntchito," anayankha tcheyamani, akumwetulira.

Sabata isanathe, galimoto inakwera phiri lathu. Anawakweza a Kayange kumbuyo, choko chili m'manja. Tinaithamangira tikukuwa, "Mukatigulire masiwiti kuboma!" Amayi ananditseka pakamwa mwamphamvu mpaka mlomo unatuluka magazi, ndipo ndinawakwiyira tsiku lonse.

A Kayange sanabwerere. Khomalo linakhala loyera theka mpaka ndinamaliza sukulu. Ndinkati akuluakulu ndi aulesi, osadziwa kuti m'mudzi monse munalibe wolimba mtima wogwiranso burashi ija.