Zala Zitatu Zomwe Ndinasiya ku Boma

Chinali chaka cha 1984, ndili ndi zaka 51. Chibadwire ndinali ndisanagonepo m'chipatala, ndipo ndinkanyadira zimenezo pamaso pa anthu. Ndine mlimi wa thonje ndi mapira kwa Makhuwira. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma kulemba ndimatha, choncho izi ndalemba ndekha.

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Linayamba mu Seputembala. Ndinkamwa chikho chonse cha madzi, koma pochiika pansi kukhosi kunkakhala kutauma kale. Kokodza ndinkapita pafupipafupi. Thupi linayamba kutha, mpaka lamba ndinamuboola kawiri.

Kwathu kuno ludzu si nkhani. Mu Okutobala aliyense amamwa madzi ngati ng'ombe. Ukadandaula ludzu anthu amakuseka.

Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa nimu, ine, a Zuze ndi a Bizeki. A Zuze ndi Msena, msodzi, tinakulira limodzi. A Bizeki ankakonza njinga pamtengo pomwepo. Za boma masiku amenewo sitinkakamba. Nkhani zathu zinali mvula, matenda a anthu ena, ndi ndiwo. A Zuze ankati mlamba wowamba umafuna nsinjiro. A Bizeki ankati wothira nsinjiro pa mlamba akubisa kuti mkazi wake sadziwa kuphika. Mkangano umenewu unatha zaka.

Tsiku lina a Zuze anandiyang'ana nati, "Shamwali, mwatha ngati bango. Naphiri mwamulakwira chiyani? Wabisa mthiko?"

"Ndi dzuwali," ndinatero.

"Magazi achepa awa," anatero a Bizeki. "Mukumwa madzi okhaokha, madzi amatsuka mphamvu. Imwani thobwa, muthire shuga wambiri. Muzitafunanso nzimbe. Odula nzimbe ku esiteti munaonapo woonda?"

"Onse ndi oonda," anatero a Zuze.

Tinaseka. Komabe ndinatsatira mawu a a Bizeki. Naphiri, mkazi wanga, ndinamuuza kuti thobwa lisamasowe pakhomo. M'mawa phala la malambe lothira shuga, masana mbatata ya kudimba ndi nzimbe. Ludzu linakula. Naphiri ndiye anaona kuti nyerere zikuunjikana pomwe ndakodza kuseri kwa nyumba. Anati tipite kuchipatala. Ndinamuyankha kuti nyerere zili paliponse.

Mu Novembala, ndikusosa munda, munga unaboola nsapato yanga ya matayala n'kulowa pansi pa chala chaching'ono cha phazi lamanzere. Sindinamve kalikonse. Naphiri ndiye anaona magazi nditafika kunyumba. Ndinatsuka ndi madzi amchere, ndinamanga kansanza, ndinabwerera kumunda. Patatha sabata ziwiri phazi linatupa. Chalacho chinada, chinzake chinatsatira. Fungo linayamba, ntchentche zinkandilondola. Pa 3 Disembala ndinalephera kuponda pansi.

A Bizeki anandikankha panjinga mpaka kumsewu, ndipo ine ndi Naphiri tinakwera lole yopita ku boma. Pachipata cha chipatala anatifunsa makhadi a chipani. Naphiri anali atamanga onse awiri pansonga ya chitenje. Tinalowa.

Anandipatsa kabotolo kuti ndikodzeremo. Namwino anathira mkodzo pang'ono m'mankhwala a buluu, nawotcha pakamoto. Zinasanduka zofiira ngati njerwa. Adokotala anamasula kansanza kaja, anayang'ana, anandibaya ndi singano kuphazi n'kufunsa ngati ndikumva. Sindinkamva.

"Bambo, awa ndi matenda a shuga, ndipo mwakhala nawo nthawi," anatero. "Zala ziwiri zafa kale. Kudaku kukakwera, tidula pansi pa bondo."

Mlimi wa mwendo umodzi ndinali ndisanamuonepo. Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga onse anali pa phazi.

Anandipatsa bedi la pafupi ndi zenera. Pazenerapo panali waya, ndipo kuseri kwa wayayo ndinkaona khoma la khitchini basi. Anandiletsa kuponda pansi. Zodzithandiza zonse zinkachitikira pabedi pomwepo, Naphiri atatchinga ndi chitenje. Mwamuna amene sanapemphepo munthu kuti amunyamulire khasu, ankadikira mkazi kuti amubweretsere mtsuko wokodzera. Sindiwonjezapo.

Masiku onse anali ofanana. Kukacha, kabotolo. Kenako jekeseni. Kenako tiyi wopanda shuga. Cha m'ma 9 koloko ankabwera ndi kangolo kotsukira mabala, ndipo wodi yonse inkakhala chete, aliyense kudikira nthawi yake. Masana mtanda umodzi wa mgaiwa, nyemba ndi kabichi. Malata ankatentha moti nsalu yapabedi inkanyowa. Dzuwa likapendeka, jekeseni wina. Dokotala wodula ankachokera ku Blantyre, Lachinayi la sabata yachiwiri iliyonse. Anandiuza kuti sangandigwire shuga asanatsike, chifukwa bala silingapole. Ndinaphunzira mitundu ya m'kabotolo kaja. Njerwa ndi zoipa, chikasu ndi pakati, msipu ndi bwino, buluu ndiye mwachira.

Mvula yoyamba inagwa ndili pabedipo. Ndinamva fungo la dothi kudzera pawaya. Mbewu ya thonje inali m'thumba kunyumba. Ana athu aakazi anali kumabanja awo kutali, wamwamuna anali pantchito ku Limbe. Naphiri sakanandisiya, chifukwa wodwala wopanda womudikirira amavutika. Ankagona kushedi ya odikirira odwala, ankaphika pamafuwa obwereka. Tonse awiri tinali omangika.

Pofika pa 15 Disembala kabotolo kanaonetsa msipu. Namwino anati zikapitirira chonchi, Lachinayi lotsatira andichotsa zala ziwirizo, nkhani ithe.

Mawa lake, Lamulungu, a Zuze ndi a Bizeki anatulukira. Ananyamuka kusanache, ndipo mitsinje iwiri anawoloka njinga zili paphewa. Mabuluku anali matope mpaka m'ntchafu. Anabweretsa mlamba wowamba, nzimbe zoduladula, ndi chigubu cha thobwa la mapira lomwe anaphika akazi a a Zuze.

"Akukudyetsani chiyani muno?" anafunsa a Bizeki.

"Kabichi."

"Kabichi ndi ndiwo? Ndi chifukwa chake simukudzuka."

"Mlamba uwu mlamu muthire nsinjiro," anatero a Zuze kwa Naphiri. "Musamvere munthu wa girisi uyu."

Ndinaseka koyamba chilowere m'chipatala. Naphiri ataona chigubu anati, "Alamu, zotsekemera anawaletsa."

"Thobwa ndi zotsekemera? Thobwa ndi chakudya, mlamu. Ife tinakulira chiyani?" anatero a Zuze.

A Zuze anathira m'kapu, anayamba kumwa okha monga mwa mwambo, kuonetsa kuti mulibe choipa. Kenako anandipatsa. Aliyense wa kwathu akudziwa tanthauzo lake. Munthu akalawa pamaso pako iwe n'kukana, ndiye kuti ukumuganizira kuti wathiramo kanthu. Uyu anali mnzanga wa paubwana, wanyamula chigubu kuwoloka nacho madzi. Ndinamwa.

Koma ndinene zoona. Kapu imodziyo inali ya ulemu. Zotsalazo zinali zanga. Atapita, Naphiri anafuna kugawira anzake kushedi. Ndinamukalipira. Ndinati aike pansi pa bedi, kuseri kwa beseni. Ndinamaliza chigubu chonse ndi nzimbe zomwe m'masiku atatu. Ndinkadziuza kuti jekeseni aphimba.

Lachitatu kabotolo kanabwerera ku njerwa. Lachinayi chimodzimodzi. Namwino anasuzumira pansi pa bedi, anatulutsa chigubu ndi makoko a nzimbe. Anali wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Sanakweze mawu.

"Bambo, phazili ndi lanu. Ine anga ndili nawo awiri."

Dokotala wa ku Blantyre anayang'ana phazi, anayang'ana pepala langa, analankhula Chingerezi ndi namwino, napita pabedi lina. Namwino anandimasulira kuti tidikire sabata zina ziwiri. Kenako anatenga cholembera n'kujambula mzere paphazi langa, pomwe kuda kunalekezera.

Sabata ziwiri zimenezo sindidzaziiwala. M'mawa uliwonse akamasula bandeji, ndinkadzuka ndi zigongono kuti ndione mzere. Pabedi loyandikana nalo panali bambo wina wa kwa Kasisi amene anamudula kale pabondo. Anali munthu wansangala. Tsiku lonse ankafotokoza mmene akazi ake amaphikira therere la chidulo, mmene amaumitsira masau. Tsiku lina ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Sanandilakwire. Ndinkangoopa ndodo zake ziwiri zomwe zinkatsamira khoma pakati pa mabedi athu.

Khirisimasi inadutsa. Ena anawabweretsera mpunga ndi zakumwa za m'mabotolo. Ine ndinatembenukira kukhoma. Naphiri anakafunsa namwino zomwe ndingadye, ndipo anayamba kundiphikira chamwamba, nkhwani ndi therere, mafuta pang'ono, nsima yochepa. Ndinkadya chomwe wandipatsa, osafunsa china. Kabotolo kanafika pa chikasu, kenako msipu. Koma pa 27 Disembala kuda kunawoloka mzere n'kugwira chala chachitatu. Namwino anajambula mzere wina pamwamba pake.

Pa 3 Januwale 1985 ananditengera kuchipinda chodulira. Ndisanagone ndinafunsa dokotala kuti adula pati. Anati akaona akatsegula. Nditatsitsimuka sindinayang'ane. Ndinatuma Naphiri kuti avundukule nsalu.

"Chidendene chilipo," anatero. "Chala chachikulu chilipo, ndi chinzake."

Bala la munthu wa shuga silifulumira. Ndinakhalanso pabedi lomwelo miyezi iwiri, kutsukidwa tsiku ndi tsiku. Mu Febuluwale anandilola kuima. Ndinayenda kuchokera pabedi kufika pakhomo la wodi, ndinabwerera thukuta lili kamukamu. Anasiya jekeseni n'kundiyambitsa mapiritsi. Pa 8 Malichi ananditulutsa.

A Zuze atamva zomwe zinachitika anakhala sabata osabwera kwathu. Ndinapita ndekha, motsimphina. Ndinawauza kuti iwo anandipatsa kapu imodzi, zinazo ndinadzipatsa ndekha. Za nkhaniyi sitinakambenso.

Pano ndi 1992, ndili ndi zaka 59. Ndimalima. Ndimatsimphina pang'ono, koma ndodo sindigwira. Piritsi ndimamwa m'mawa uliwonse, ndipo mwezi ndi mwezi ndimapita ku boma kukayezetsa. Kumunda sindipita wopanda nsapato zotseka. Ndikaweruka, Naphiri amandiyang'ana mapazi onse awiri, pansi ndi pakati pa zala, chifukwa ine sindingamve ngakhale nditaponda msomali. Maso ayamba kuchita chifunga, ndipo adokotala akudziwa.

Amuna anzanga, mukaona thupi likutha pamene mukudya bwino, kapena bala latha sabata osauma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Anzanu amakukondani, koma alibe choyezera. Mukagonekedwa, chomwe akuletsani chisiyeni, ngakhale atabweretsa ndani. Wokukondani akwiya sabata imodzi, kenako adzabwera.

Ine ndinachedwa miyezi itatu ndisanapite, ndipo nditafika ndinadzichedwetsanso sabata ziwiri. Zomwe ndinataya ndi izi. Masiku 95 pabedi. Thonje la chaka chonse, lomwe silinadzalidwe n'komwe. Mapira a chaka chonse. Mbuzi zinayi zomwe zinasowa pakhomo popanda munthu. Zala zitatu za kuphazi lamanzere. Ziwiri anatenga ndi matenda. Chachitatu ndinapereka ndekha.