Tsiku Limene Nyimbo ya a Mhone Inakoma

Ku Nkhata Bay kuno mukamva munthu akuyimba ngati mbuzi yakodwa pampanda, koma osamuona, kwezani maso kudenga. Amenewo ndi a Yakobe Mhone, ali m'chumuni mwa eni.

Ntchito yawo ndi yopala mafuta m'machumuni a makhitchini akuluakulu, a m'maloji ndi m'masukulu ogonera komweko. Pamwamba pa masitovu pamakhala chidenga chachitsulo chokoka utsi, ndipo kuchoka apo pamayenda chimpaipi chamakona anayi mpaka kunja. M'menemo mafuta a tchipisi ndi a nsomba ya batala amaundana chaka chonse, akuda bii, onata ngati phula. Mukawalekerera, tsiku lina amayaka, khitchini yonse n'kupsa. Ndiye pamafunika munthu woonda wokwawa m'menemo ndi chopalira. A Mhone anabadwa oonda, ndipo kondowole wa zaka makumi asanu walephera kuwasintha.

Poyamba ankanyamula katundu padoko, koma thumba la ufa linkawaposa kulemera. Analowanso kwaya ya kutchalitchi kwathu. Tinawapirira miyezi itatu, kenako tinawapempha mwaulemu kuti luso lawo akalionetse pokonza mabenchi. Ine ndinali mmodzi mwa owapempha. Ndine Davis, khukhi wa pa loji ina ya kuseri kwa doko, kwathu ndi ku Dedza, ndipo besi wanga poyimba simungamupeze paliponse.

A Mhone ali ndi malamulo awo. Moto uzime kuyambira dzulo lake. Fyuzi ya fani yokoka utsi amaizula okha n'kuiika m'thumba la ovolosi, kuopa wina angaiyatse iwo ali mkati. Tizitseko ta chimpaipi titsegulidwe kuti mphepo idutse. Kenako chingwe m'chiuno, ndipo nsonga yake agwire munthu wakunja.

"M'chumuni mpweya ukamatha sutsanzika," amatero. "Umangomva tulo tokoma, basi wapita."

N'chifukwa chake amayimba. Kungolowetsa mutu amayamba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, ikatha ayambirenso. Nyimbo ikaduka, wakunja akoke chingwe, osafunsa, osalowamo kukawatenga. Wogwira chingwecho, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wakhala mkazi wawo, NyaManda. Amakhala pa ndowa yovundikira, chingwe m'manja, nkhope ili tsinya ngati akumwa kwinini.

Tsiku limene ankapala chumuni chathu linali lofika sitima ya Ilala. NyaManda anati atsikira kaye kudoko kukalandira usipa umene mng'ono wake ankabwera nawo kuchokera ku Likoma.

"Ada, mundidikire," anatero. "Musalowe ine palibe."

Koma sitima inachedwa, ndipo ine ndinali ndi alendo oti ndiwaphikire madzulo. Ndinayamba kuwanyengerera.

"A Mhone, kugwira chingwe mpaka sukulu? Bweretsani kuno. Ine ndagwirapo ng'ombe kwathu."

Anandipatsa chingwe. "Ada Davis, nyimbo ikaduka mukoke."

"Ndamva."

Analowa, nsapato zinazimiririka m'chidenga, nyimbo inayamba. Amayi inu! Chitsulo chija chinkaikuza, ikutuluka mokhota, yopanda mutu, kumalo kokwera iwo akutsika. Ndime yoyamba ndinapirira. Yachiwiri inandipweteka mumtima, chifukwa nyimbo imeneyo ndi imene ndimaikonda. Ndinati ndingowaongolerako pang'ono, ndinaika besi pansipansi.

Apa ndi pamene panalakwika. Munthu wa mpingo wathu sangamve nyimbo ya m'buku n'kukhala chete, sizitheka. Lily wotsuka mbale anaponya sopulano ali ku sinki. A Morgan a pageti anabwera ndi mawu a tena, chipewa chili m'manja. Amayi awiri ochapa zofunda anasiya zochapa n'kudzaimirira pakhomo. Posakhalitsa khitchini inasanduka kwaya, ine ndikuwongolera ndi dzanja lomwe linali ndi chingwe.

Popeza masitovu anali ozima chiyambire dzulo, palibe amene anali atamwa tiyi. Lily anakoleza mbaula ya makala panja, n'kulowa nayo akuyimbabe. Anaiika pati? Pansi pa chidenga chokoka utsi, chifukwa m'khitchini malo a utsi ndi pamenepo. Tonse tinaona, tonse tinagwedeza mutu kuti mtsikanayu ndi waukhondo.

Tinafika ndime yachisanu. Sindinamvepo tikuyimba mokoma chotero, ngakhale pa Pasaka. A Morgan anali atatsinzina.

Kenako ndinamva chidebe chikugwa pakhomo, usipa mbwee pansi ponse. NyaManda anandidutsa ngati mphepo, anamenya mbaula ndi phazi, makala n'kumwazika. Anandilanda chingwe.

"Kokani! Kokani, anthu inu!"

Tinakoka tonse asanu ndi mmodzi. Kunayamba kutuluka nsapato, kenako miyendo, kenako a Mhone onse, oterera ndi mafuta, ali lobodo ngati mlamba, chopalira chikadali m'manja. Tinawanyamulira panja pamphepo. Maso anali otseka. Ine sindibisa, ndinalira pamaso pa antchito anzanga.

Anatsokomola. Anatsokomolanso. Atatsegula maso anafunsa ndi mawu otsika, "Tinali ndime yachingati?"

Kuchipatala anawaika pa mpweya mpaka madzulo. Alendo anga anadya buledi ndi mapeyala. Tili pabenchi ya panja, ndinalimba mtima n'kufunsa NyaManda.

"Ama, munadziwa bwanji? Inu munali kutali, ife tinali pomwepo."

NyaManda sanandiyang'ane. "Ndinamva ndili pamsewu. Nyimbo ikukoma kuyambira pamwamba mpaka pansi, palibe wosokoneza. Ndinadziwa kuti mwamuna wanga mulibemo."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Inu munawachotsa m'kwaya chifukwa cha mawu amenewo. Ine zaka zonsezi ndimakhala pa ndowa paja kupempha Chiuta kuti ndisasiye kuwamva."

A Mhone akupalabe machumuni. Pa malamulo awo anawonjezerapo awiri: mbaula isayandikire, ndipo wogwira chingwe asakhale wa kwaya. Lamulungu amakhala benchi yakumbuyo, imene anakonza okha, n'kumayimba momwe amayimbiramo, ana akutsinana. Ine besi wanga ndinamutsitsa. Anzanga amati ndakalamba, mawu andithera. Sadziwa kuti ndimakhala ndikumvetsera kumbuyo, ndipo ndikangomva kuti kwaya yayamba kukoma, ndimacheuka.