Dzanja la Pa Beseni la Vitumbuwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene kampani ya boma imene atate ankagwirako ntchito inagulitsidwa. Ntchito itawathera, anabwerera kwathu ku Chawama maovololo ali m'pulasitiki, ndipo pasanathe milungu iwiri amayi anayamba kukazinga vitumbuwa pambaula pafupi ndi pokwerera maminibasi. Zovala zathu zonse zinkanunkha mafuta. M'kalasi ndinkakhala pafupi ndi zenera kuti anzanga asamve fungolo.

Amene ankatiphunzitsa zojambula anali asisitere aafupi ochokera ku Philippines. Tsiku lina anatiuza kuti apukwa chakudya cha m'misewu ya kwawo. Anatenga choko n'kujambula pabolodi nthochi yokazinga yobayidwa pakamtengo, ndi mizere itatu yokha. Pambali pake anaika timibulu tinayi ta nsomba pakamtengo kena. Sanapake utoto uliwonse, koma tonse tinameza malovu.

"Mawa aliyense abwere ndi chakudya cha mumsewu wa kwawo, chojambulidwa chonchi," anatero m'Chinyanja chawo chotsimphina. "Mizere ikhale yochepa."

Nditaweruka ndinakakhala panjerwa kuseri kwa kantemba, kakhumbi kogulitsiramo zinthu, n'kumayang'ana amayi iwo osandiona. Ndinajambula beseni, mulu wa vitumbuwa, kamzere kamodzi ka utsi, ndi dzanja logwira foloko. Chala chaching'ono cha amayi chinali chopindika chifukwa chinathyoka ali mtsikana. Ndinachijambula momwemo, pakuti nditachiwongola dzanjalo linkaoneka lakufa.

Asisitere anachikonda kwambiri chithunzicho. Anachikweza m'mwamba kuti kalasi yonse ione, n'kundifunsa kuti dzanjalo linali la yani. Kutsogolo kwanga kunali Mutinta, mtsikana wa ku Chilenje amene ankabwera pagalimoto ya bambo ake, ndipo anatembenuka kudikira yankho.

"Ni bamai chabe ba pa siteshoni," ndinatero. "Sinibaziba."

Chithunzicho anachimata pakhoma, ine n'kuiwala za nkhaniyo mpaka tsiku la makolo. Amayi anasiya mbaula m'manja mwa anzawo, anasamba ndi sopo wonunkhira, n'kuvala chitenje chawo cha kutchalitchi. Asisitere anawagwira pamkono n'kupita nawo kukhoma lija, ine ndikutsatira pambuyo.

"Mwana wanu ali ndi diso," anatero mokondwa. "Wajambula mayi wina amene sawadziwa n'komwe, koma taonani chala ichi!"

Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Kenako, pang'onopang'ono, analowetsa dzanja lawo lamanja m'chitenje. Asisitere anali ataliona kale, ndipo kumwetulira kunawathera pankhope.

"Wajambula bwino," anatero amayi. "Bamai abo bazakondwela."

Ndinkayembekeza kuti tikangotuluka pageti andikoka khutu. Sanandikhudze. Tinayenda m'fumbi, kudutsa ogulitsa salaula, zovala za kaunjika, amene anali atadzaza msewu wonse masiku amenewo. Titaona gulu la ana a yunifolomu yathu likubwera, amayi anaima n'kundikonza kolala.

"Ngati ufuna, yenda kutsogolo, mwana wanga. Banzako bangakuone na ine."

Ndikanakonda kunena kuti ndinawagwira dzanja. Sindinatero. Ndinayendadi kutsogolo, misozi ikutsika, mpaka kunyumba. Tsiku limenelo anandipakulira chakudya monga mwa masiku onse, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso, ngakhale kwa atate.

Lero ndimajambula pakompyuta zikwangwani za malo odyera, ndipo makasitomala amandiyamikira kuti ndimatha kuonetsa chakudya ndi mizere yochepa. Amayi anamwalira ndisanawapepese. Ndinkangoti ndidzanena ndikadzakula, ndipo nditakula ndinkaopa kudzutsa chilonda. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti mawu a pamsewu aja anali chilango chawo chochenjera, ndiye kuti ndinalangidwa, mlandu unatha. Ndinazindikira choonadi nditabereka wanga mwana. Amayi sankandilanga ayi. Anaona kuti mwana wawo ali ndi manyazi, ndipo anangofuna kumupeputsira katunduyo, ngakhale gwero la manyaziwo linali iwo omwe.