Manthu wa m'Chulu cha Yoswa

Faines wa ku Malomo anakhala ku chitengwa zaka zisanu ndi chimodzi osabereka. Ntchito ankaitha mayi ameneyu, fodya ankasoka ngati makina, koma ndani amayamika fodya kumbuyo kulibe mwana? Chaka chimene matipate inalowa, mwamuna wake Aroni anamuuza poyera: "Mvula ikakupeza uli chomwechi, ndikakutula kwanu."

Mayi wina kuchigayo ndiye anamunong'oneza za manthu wa chiswe, chinthu chonenepa chija chimene chimagona pakati pa chulu, ntchito yake kuikira mazira basi. "Ameneyo mukameza wamoyo, kubereka kwake kumasamukira kwa inu."

Chulu chapafupi chinali cha Yoswa, mkulu wake wa Aroni. Chinkamupatsa ngumbi zodzaza malichero chaka ndi chaka, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti ukachotsa manthu, chulu chimafa. Yoswayo anali atangochotsedwa ntchito ya yunifolomu boma litasintha. Anabwerera kumudzi ndi jombo zake ndi ukali, china analibe.

Faines anadikira tsiku la msonkhano wa chipani, mudzi wonse utapita kukavina. Anayamba kukumba m'mawa. Agang'a, asilikali a chiswe aja, anamuluma mpaka miyendo kuchucha magazi, iye osaleka. Dzuwa lili paliwombo anaswa kachipinda kadothi lolimba, n'kumupeza manthuyo, woyera, wofewa, akugunda ngati mtima. Anatsinzina n'kumeza.

Potsegula maso, Yoswa anali ataima pamwamba pa dzenjelo.

"Chumba iwe! Chulu changa!"

"Alamu, pepani, ndimangofuna mwana ine."

Anamukoka ndi tsitsi kumutulutsa m'dzenjemo. Mpini wa khasu unathyokera pamsana. Utatha mpini, zinayamba jombo, m'nthiti, pamimba, pamimbanso. Anthu ochokera kumsonkhano anathamangira mfuuyo, Aroni ali pomwepo. Mukuganiza analeretsa? Anangopinda manja, ati ndi nkhani ya akulu ake. Amuna ena inu, manyazi mulibe!

Amayi anzake ndiwo anamunyamula pangolo, chitenje chili chonyowa ndi magazi osaleka. Kuchipatala namwino anamuyeza, kenaka anafunsa motsitsa mawu:

"Mayi, simunkadziwa kuti muli ndi pakati? Miyezi iwiri. Mwapita padera."

Faines anali ataona ndithu kuti mwezi wamudumpha kawiri. Koma unkamudumphanso kale n'kubwera, ndipo anali atatopa kusekedwa, choncho sanauze munthu, ngakhale mtima wake womwe. Analira mayi uja, kulira kowawa, mpaka odwala ena anatembenukira kukhoma.

Atatonthola anaona Aroni ataima pakhomo la wodi, chipewa chili m'manja. Faines anagwira namwinoyo pamkono.

"Anesi, nenaninso mokweza. Abambo awo amve kuti mwana analimo."