Bulaketi yopindika ya galimoto ya bambo

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kutaya kudzala kachitsulo kamene sindikanakapezanso kwina kulikonse.

Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikudzutsa galimoto ya malemu bambo anga, imene anabwera nayo kuchokera ku Zomba pomwe likulu linkasamukira kuno ku Lilongwe. Injini inalira, penti inalowa. Chinatsala ndi bampala yakutsogolo basi.

Amandigwirira ntchitoyi ndi a Mwale, makaniko amene ali ndi kagalaja kawo kuseri kwa msika ku Old Town. Tinanyamula bampala ija, iwo uku ine uku. Kumanja bauti inalowa bwinobwino. Kumanzere inakana, mabowo anasemphana pang'ono. Tinakankha, tinagwedeza, thukuta kamukamu, koma ayi ndithu.

A Mwale anakwawira pansi n'kumasula bulaketi, chitsulo chimene chimagwiriza bampala ku galimoto.

"Bwana, iyi inapindikapo kale," anatero. "Wina anaiwongola ndi hamala. Ndipo amene anachita zimenezi sanali makaniko."

"Tisulitsa ina," ndinayankha.

Pobwerera ndinadzera ku Area 4 kumene amakhala mayi anga, chitsulo chija chili m'manja. Ndinkafuna tiseke. Paja bambo ankadzitama kuti sanagundepo ngakhale nkhuku.

Mayi sanaseke. Anachisisita chitsulocho nthawi yaitali.

"Sanagunde ndi bambo ako," anatero. "Anagunda ndi a Kamchacha."

A Kamchacha anali otisamalira pabwalo ku nyumba ya boma imene tinkakhala ku Area 14. Anali bambo wa ana atatu, koma anafe tinkangoti gadeniboyi.

Mayi anati sabata imeneyo bambo anali atatumidwa ku Zomba pa lole ya kuntchito kukatenga mafailo otsala, galimoto n'kuisiya pakhomo. Mayi anali oyembekezera, ndipo matenda anayamba masana, masiku asanakwane. Nyumba zoyandikana nafe zinali zisanalowe anthu, foni kunalibe. A Kamchacha anali atangogwirapo chiwongolero cha thirakitala kawiri pamene ankagwira ganyu yolambula misewu. Anatenga makiyi, nawagoneka mayi kumpando wakumbuyo. Potuluka anawomba chipilala cha geti. Anabwerera m'mbuyo, nayesanso, ndipo anayenda ndi giya imodzi yomweyo mpaka kuchipatala ku Old Town.

"Ola silinathe, iwe unabadwa," anatero mayi. "Anamwino anati tikanachedwa pang'ono, bwenzi atatitaya tonse awiri."

Mawa lake bambo atabwerako ku Zomba anawapeza a Kamchacha atamanga kale katundu wawo, akudikira kuchotsedwa ntchito. Bambo anayang'ana bampala yolendewera ija, kenako n'kungoti, "Masulani katunduyo, mubweretse hamala."

Nanga bwanji palibe amene anandiuzapo?

"Anatipempha okha a Kamchacha," anatero mayi. "Paja analibe laisensi, ankaopa apolisi. Kenako tinangozolowera kukhala chete."

Abale anga, nkhani ya kusamuka kwa likulu timaikamba ngati ya ife tokha obwera ndi masutikesi. Timakamba za fumbi lofiira, za maofesi onunkha penti ku City Centre, za momwe tinkasowera mphepo ya ku Zomba. Koma kodi tinafika pamalo popanda anthu? Ankatilondera ndani? Anadzala mitengo imene lero tikukhala pamthunzi pake ndani? Ankalawirira kuchokera m'midzi yozungulira, ena wapansi ena panjinga, ndipo akakalamba ankangobwerera mwakachetechete.

Ine ndemwe ndinachita manyazi. Munthu anatigwirira ntchito zaka khumi ndi zisanu, koma dzina la mudzi wake sindinkalidziwa. Mayi ndi amene anandilozera njira.

Lachinayi ndinawapeza a Kamchacha kumudzi kwawo, atakhala pakhonde akusoka thumba. Maso achita chifunga, koma nditatchula dzina la bambo anandigwira dzanja osalitayanso.

"Ndinu mwana uja?" anafunsa. "Mwayamba kale imvi!"

Loweruka ndinakawatenga kupita nawo kugalaja. Bulaketi yatsopano sitinasulitse. A Mwale anakulitsa bowo la yakale ija ndi tupa, naika mawashala awiri, bampala n'kukhala. Mukaiyang'anitsitsa yapendekeka pang'ono kumanzere. A Mwale sizinawasangalatse kwenikweni, paja iwo amakonda ntchito yowongoka, koma anawapatsa a Kamchacha sipanala kuti amange nati yomaliza. Anaimanga pang'onopang'ono. Palibe amene anawafulumizitsa.

Powaperekeza ndinadzera ku Area 14 kuti akaone nyumba ija. Pano ili ndi mpanda wautali wa njerwa, ndipo mlonda wake anatisuzumira pakabowo. A Kamchacha sanafune kutsika. Anangoloza ndi chala pawindo.

"Apa ponsepa panali munda wa mtedza wa mayi anga," anatero. "Atatisamutsa, ndinabweranso kudzafunsa ntchito. Maluwa a bambo anu ndinkadzala m'munda mwathu momwe."

Ananena mosadandaula, ngati akufotokoza za mvula ya chaka chatha. Ine ndinazimitsa injini.

Inu amene mukuwerenga muli kuseri kwa mpanda, munthu amene wakutsekulirani geti m'mawa uno, munamufunsapo kuti kwawo n'kuti?