Shinelo Yakumanzere

Shinelo yakumanzere ya amayi, nsapato ya patapata ija, inali yobiriwira, yodyeka mbali yamkati yokha mpaka kupyapyala ngati tsamba la kabichi. Inatsala pakhomo pathu ku Zóbuè nyengo yozizira ija, patapita zaka ziwiri tibwerereni kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo.

Phazi lawo lakumanzere linali litaphwatalala. Kamphako kapansi pa phazi kanatha, chidendene chinapendekera kunja, ndipo akaponda pafumbi pankatsala chidindo chathunthu ngati cha nsimbi yositira. Chidindo chimenecho ndinkachidziwa kuposa nkhope yawo, chifukwa popita kumunda lamulo linali limodzi: "Ponda pomwe ndaponda." M'tchire munali mukadali mina, mabomba okwirira aja.

Ululu utakula, amalume a ku Moatize anabwera kudzawatenga. Anati kuchipatala ku Tete kwabwera dokotala wa mafupa, ndipo amayi akachirira kwa iwo poti ndi pafupi. Ine anandisiya kwa aphunzitsi. Pokakwera shapa, kaminibasi kaja, amayi anavala shinelo yakumanja yokha. "Inayo sindikaifuna," anatero.

Ine ndinachita masamu. Aliyense wa kwathu amene anapita ku Tete ndi vuto la mwendo anabwerako ndi ndodo ziwiri ndi thalauza lopinda. Munthu wotenga nsapato imodzi akudziwa kale mapazi amene abwere nawo. Zoti phazilo likangokhala m'chikhakha, palibe anandiuza. Masiku amenewo akulu ankafotokozera mbuzi zambiri kuposa ana.

Kwa aphunzitsi ankandidyetsa, osandimenya, osandifunsa kanthu. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri mpaka kubisa mseu wa ku Moatize. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde la nyumba yathu yotseka, kumvetsera shapa iliyonse ikamachepetsa liwiro, kenaka nkupitirira. Loweruka ndinkatsuka shinelo ija mwaulemu wonse, monga amalambulira manda. Kumunda sindinapiteko. Ndikanaponda pa yani? Mbatata yathu inadyedwa ndi anyani, ndipo ndikhulupirira anayamikira.

Tsiku lina aphunzitsi anaipeza shinelo ija m'chikwama changa pakati pa mabuku. "Inzake ili kuti?" "Ku Moatize." Anagwedeza mutu ngati ndakhoza, nkubwerera pa bolodi.

Nditakula ndinalowa sukulu ya unamwino. Ndinakhalako chaka ndi theka nkusiya, odwala anapulumuka. Komabe ndinachokako ndikudziwa zomwe anawachita amayi: anadula fupa la chidendene, kulisunthira mkati, nkulimanga ndi parafuzo, msomali wopotokola uja. Ukalipentala ndithu, kungoti wovala zoyera.

Amayi anabwera nyengo yozizira ija itatha, kutayamba kutentha, amalume atawanyamulira katundu wonunkha malasha. Mapazi anali awiri. Ndinawerenga kawiri. Ndinawapatsa shinelo yawo, yoyera kuposa mbale zathu. Anaiyesa nkuivula. "Iyi ndi ya phazi lakale, mwanawe, indipotozanso." Anaiponya kudzala.

Tsiku loyamba kubwerera kumunda anatsogola pang'onopang'ono, ndodo m'manja. "Ponda pomwe ndaponda." Ndinayang'ana pansi. Chidindocho chinali ndi kamphako, chidindo cha mlendo. Ndinaima pomwepo nkuyamba kulira, iwo nkumandikalipira kuti dzuwa likukwera.

Ndinkakhulupirira kuti phazi lophwatalala lija ndi limene linkamva pomwe pali mina, ndipo adokotala alichotsa nzeru. Sindinkadziwa kuti silinkamva kanthu chiyambire. Amayi ankangotsogola basi.